Moto wa m'tchire ku Salima: n'chifukwa chiyani umalusa kumapiri kuposa kunyanja?

Mukatsika mumsewu wa M14 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Salima mwezi wa Okutobala, mumaona zinthu ziwiri zosiyana pa ulendo umodzi womwewo. Kumapiri, pamene msewu ukutsetsereka, tchire limakhala litapsa lonse, lakuda bii, mpaka pamene maso alekezera. Koma mukafika kuchigwa, kuyandikira Kamuzu Road ndi Senga Bay, lupsa limaoneka la apa ndi apo: kamunda kamodzi kapsa, koyandikana nako ayi. Chodabwitsa n'chakuti kunyanja ndi kumene kumatentha kwambiri, ndiponso ndi kumene kuli anthu ambiri oyenda ndi machesi. Nanga bwanji moto waukulu uli kumtunda?

Mu Chemistry munaphunzira kuti moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, mpweya wa okosijeni ndi kutentha. Okosijeni ali paliponse. Kutentha koyambitsa moto, kuno kwathu, pafupifupi nthawi zonse kumachokera kwa munthu, popeza m'chilimwe mulibe mphezi zoti n'kuyatsa udzu. Osaka mbewa, ososa minda, owotcha makala, ofula uchi ndi utsi, oweta ng'ombe ofuna msipu watsopano: onsewa amayatsa. Ndiye chimene chimasiyanitsa malo ndi malo ndi choyakacho, chomwe kwa ife ndi udzu.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Moto wa Okutobala umayamba kukonzedwa mu Januwale. Mvula ikagwa bwino, udzu umakula wautali ndi wothithikana, ndipo ukauma umasanduka nkhuni zoyala dziko lonse. Chaka cha chilala udzu umachepa, ziweto zimaudya mpaka pansi, ndiye moto umasowa chakudya ngakhale dzuwa likuswa mtengo. M'chipululu cha Sahara simuyaka moto chifukwa mulibe choyaka; m'nkhalango zowirira za ku Congo suyaka kawirikawiri chifukwa simuuma. Malo amene amapsa chaka ndi chaka ndi apakatikati ngati athuwa, kumene kumagwa mvula miyezi ingapo kenako n'kuuma theka la chaka. N'chifukwa chake pafupifupi magawo 70 pa 100 a malo onse amene amapsa padziko lapansi ali mu Africa.

Tibwerere ku Salima. M'mbali mwa nyanja udzu ndi woduladula. Pali minda yolimidwa, misewu, midzi yosesedwa, mchenga, minda ya mpunga ya ku Lifuwu, ndi madambo ngati Mpatsanjoka amene amasunga chinyontho nthawi yaitali mvula italeka. Mbuzi ndi ng'ombe zimadya udzu, amayi amamweta wina wofolerera nyumba. Moto ukayamba, umayenda pang'ono n'kukumana ndi njira kapena munda wopanda kanthu, basi wathera pomwepo. Moto umayaka kambirimbiri, koma waung'onoung'ono.

Kumapiri nkhani ndi ina. M'nkhalango yotetezedwa ya Thuma, komanso ya Dedza-Salima, udzu umalumikizana pansi pa mitengo ya miombo kwa makilomita ambiri popanda chodula. Munthu mmodzi akayatsa m'malire, moto ukhoza kuyenda masiku. Kutsetsereka kwa malo kumawonjezera vuto. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye malawi amaweramira kuphiri n'kumaumitsa udzu wa kutsogolo moto usanafike. Akatswiri a zozimitsa moto amati liwiro lake limawirikiza kawiri pa madigiri 10 alionse a chitunda. Onjezani mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kumwera chakum'mawa kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti n'kuumitsa chilichonse. Ngati mudzakumane ndi moto paphiri, musathawire kumtunda. Umathamanga kuposa inu.

Zimenezi si za ku Salima kokha. Masetilaiti a NASA otchedwa Terra ndi Aqua, omwe anakwezedwa mu 1999 ndi 2002, amajambula malo amene akuyaka tsiku ndi tsiku. Kafukufuku amene anatuluka mu 2017 m'magazini ya Science anapeza kuti malo opsa padziko lonse anachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi pakati pa 1998 ndi 2015, makamaka chifukwa tchire linasanduka minda. Anthu akachuluka, moto wolusa umachepa. Koma tisafulumire kuwomba m'manja: moto wachepa chifukwa tchire lenilenilo latha.

Funso lofunika kwambiri kwa mitengo ndi lakuti moto wabwera liti. Mu 1933, ku Ndola m'dziko la Zambia, anthu a zankhalango anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo. Zina ankaziwotcha koyambirira kwa nyengo youma, udzu ukadali ndi chinyezi. Zina ankaziwotcha mochedwa, cha mu Okutobala. Zina sankaziwotcha konse. Colin Trapnell atalemba zotsatira zake mu 1959, zinaoneka poyera: kumene ankawotcha mochedwa, mitengo ya miombo inatha pafupifupi yonse, n'kutsala yolimba pamoto ngati mlombwa. Kumene ankawotcha msanga, nkhalango inakhalabe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Moto wa mu Meyi kapena Juni ndi wofooka. Umayenda pansipansi, umasiya zigamba zosapsa, ndipo usiku mame akagwa umazima wokha. Wa mu Okutobala umapeza udzu wouma gwa, mpweya wotentha, ndiponso miombo itaphuka kale masamba ake ofiira aja. Mtengo umakhala utawononga chakudya chimene unasunga m'mizu kuti uphukitse masambawo, ndiye akapsa ulibe pogwira. Timitengo ting'onoting'ono timapsa mpaka pansi. Timaphukanso kuchokera ku mizu, inde, koma chaka chamawa moto ukabweranso timabwerera pomwe tinayambira, osakula kufika msinkhu woti malawi asatifike. N'chifukwa chake alonda a nkhalango m'madera ambiri a miombo amalambula njira zotchinga moto n'kuwotcha dala msanga. Wosadziwa akhoza kuganiza kuti akuwononga.

Ndipo moto wa kumapiri suthera kumapiri. Lupsa la mochedwa limasiya nthaka yambulanda pa nthawi imene mvula yoyamba, yamphamvu ija, ikugwa. Popanda udzu ndi masamba ogwira madzi, dothi limakokolokera m'mitsinje. Kudula mitengo ndi kulima m'mbali mwa mitsinje kumachitanso zomwezo, mwina kuposa moto, koma zonse zimathera malo amodzi. Mtsinje wa Linthipe umanyamula matope ofiira n'kukawathira m'nyanja, kufupi ndi zilumba za Maleri, zomwe ndi mbali ya Lake Malawi National Park. Kumeneko kumakhala mbuna, tinsomba tokongola timene timadya ndere zomera pamiyala. Ndere zimafuna kuwala kwa dzuwa. Madzi akada ndipo matope akakuta miyala, ndere zimachepa, mbuna n'kusowa chakudya.

Amene muli ndi foni ya intaneti, fufuzani mapu a NASA otchedwa FIRMS. Ndi aulere. Pezani Salima, sankhani sabata imodzi ya mu Juni ndi ina ya mu Okutobala, kenako muwerenge timadontho tofiira: tingati tili m'mbali mwa nyanja, tingati tili ku Thuma.