Maere a ku Neno

Pokwera zitunda za kwa Dambe, kumene mvula ikagwa msewu umasanduka phala, ndinadzifunsa chimene aphunzitsi a masamu a ku Yunivesite ya Malawi, ku Zomba, amafufuza akatuluka m'kalasi. Ndipo taonani, chitsanzo chinali pakhomo pomwepo. Abwenzi Pa Za Umoyo, amene anafika ku Neno mu 2007, pofuna kuyesa ngati alangizi oyendera banja lililonse amathandizadi, sanayambe ponseponse tsiku limodzi, koma anachita maere, dera ili lero, linalo pakapita miyezi, kuti odikirawo akhale muyeso wa oyambawo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono kulekanitsa zipatso za ntchitoyo ndi mwayi wamba, kapena ndi nyengo ya malungo, ndiwo mtolo wa akatswiri a ziwerengero, onga amene amasulidwa ku Zombako.