MWANA WOPUWALA ZIWALO ANGATHE KUDZIIMIRA PAYEKHA

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la lero likunena za kupuwala kumene madotolo amakucha cerebral palsy. Poyenda m'Katondo, kapena m'komboni ina iliyonse ya mu Kabwe, mwina munaonapo mwana woyenda dzandidzandi miyendo itapingasana, kapena wolankhula movutikira malovu ali cucucu. Ena amamuseka, ena amamuthawa, ndipo ena amati analodzedwa. Tiyeni timvetse coonadi cake.

Ubongo ndiwo umalamulira thupi lonse. Mukafuna kutola pensulo, ubongo umatumiza uthenga ku minofu ya dzanja, ndipo dzanja limamvera. Koma mbali ya ubongo yolamulira minofu ikavulala mwana ali m'mimba, pobadwa, kapena akali wakhanda, uthengawo sufika bwino. Minofu imauma gwa, kapena imagwedezeka yokha mwiniwake asakufuna. Zina zimene zimavulaza ubongo ndi izi: kubadwa masiku asanakwane, kucedwa kupuma pobadwa, cikasu cacikulu ca ukhanda, malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi. Pa ana 1,000 obadwa, awiri kapena atatu amakhala otere. Dotolo wa ku England, William John Little, anafotokoza za kupuwala kumeneku pamaso pa madotolo anzake ku London m'caka ca 1861.

Sungani zinthu zitatu. Coyamba, kupuwala kumeneku sikupatsirana. Mungadye naye mbale imodzi popanda mantha. Caciwiri, si ufiti, ndiponso si cilango ca makolo. Cacitatu, bala la mu ubongo silipola, komanso silikula. Cimene cimaonjezera mavuto ndico kumgoneka mwana m'nyumba tsiku lonse, pakuti minofu yosagwira nchito imafupika ndi kuumiratu. Dziwaninso kuti ana ambiri otere ali ndi nzeru monga zanu. Lilime ndilo lolemera, mutu uli bwino.

Kudziimira kumayambira kunyumba. Makolo apite naye mwana msanga ku cipatala cacikulu ca Kabwe, kuti akaphunzire kumuongola ziwalo ndi kumkhazika bwino. Asamcitire ciliconse. Mwana amene amadyetsedwa nthawi zonse sadzaphunzira kudya yekha. Kulungani cigwiriro ca supuni ndi mphira kuti cinenepe, mpatseni kapu ya zogwirira ziwiri, ndi kabudula wa lasitiki m'malo mwa mabatani. Nsima idzatayika masiku oyamba, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Mpando womuyenera sulira ndalama zambiri: ku Lusaka, pa University Teaching Hospital, bungwe la APTERS linadziwika ndi luso lopanga mipando ya ana otere ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, ndipo amisiri ake anali anthu olumala. Inu a mu Kabwe mukumbukirenso kuti mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu linatsala m'nthaka ya makomboni ena. Mwana wokwawa zaka zambiri amakhudza fumbilo kuposa anzake, motero muyalireni mphasa ndi kumsambitsa m'manja asanadye.

Tsopano inu aphunzitsi. Mwana wotere akabwera, musambweze. Mkhazikeni kutsogolo, pafupi ndi khomo, mapazi ake atatsamira pansi kapena pa njerwa. Nenepetsani pensulo yake ndi nsalu, ndipo mangirirani buku lake pa desiki kuti lisasunthe. Mpatseni nthawi yoonjezera polemba, ndipo ngati dzanja likana, mfunseni pakamwa kapena aloze yankho ndi cala. Kambiranani ndi makolo a pa sukulu kuti akonze njira yotsetsereka pa masitepe ndi cogwirira m'cimbudzi, cifukwa cimbudzi cosalowereka cingamcotse mwana sukulu ngakhale ali wanzeru. Amene afuna kuzama pa nchitoyi adziwe kuti ku Lusaka kuli koleji ya ZAMISE, yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala.

Nanunso ana, muli ndi gawo lanu. Mnzanu akamalankhula, musammalizire mau. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati simunamve, mpempheni abwereze. Musakankhe njinga yake musanamfunse. Muitaneni ndi dzina lake, osati ndi cilema cake, ndipo pa masewera mpatseni malo, ngakhale owerenga zigoli.

Kodi mwana wotere akakula angagwire nchito? Inde. Ku Dublin, m'dziko la Ireland, kunabadwa Christy Brown mu 1932. Ciwalo cimene ankacilamulira bwino cinali phazi lamanzere lokha. Ndi phazi limenelo anaphunzira kulemba ndi kujambula, ndipo mu 1954 anatulutsa buku la moyo wake lochedwa My Left Foot. Kuno kwathu munthu wotere angathe kusunga kantemba, kuweta nkhuku, kutumiza ndalama za pa foni, kulemba pa kompyuta, ngakhale kuphunzitsa. Lamulo la anthu olumala limene dziko la Zambia linakhazikitsa mu 2012 limaletsa kumsala munthu pa sukulu kapena pa nchito cifukwa ca kulumala, ndipo bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities ndilo limalembetsa anthu olumala ndi kuyang'anira ufulu wao.

Kudziimira sikutanthauza kukana thandizo, pakuti palibe munthu wosathandizidwa. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu asankhe yekha cobvala, nchito, bwenzi ndi kagwiritsidwe ka ndalama zake.

Pa 6 October caka ciliconse dziko lonse limakumbukira anthu a cerebral palsy. Tsikulo lisanafike, zungulirani sukulu yanu pamodzi ndi aphunzitsi, ndipo mulembe malo onse amene mwana woyenda pa njinga sangathe kufikapo. Kenaka mufunsane: kodi ndi malo ati amene tingakonze ndi manja athu?