Ng'ona, mvuu ndi asodzi: lamulo likuti chiyani ku Mecanhelas?

INSACA - M'bandakucha, msodzi wa pa nyanja ya Chiuta akamapalasa bwato kukawonjola matchera, sadziwa chimene akachipeze. Mwina akapeza makumba ndi milamba, mwinanso akapeza ukonde wong'ambika ndi mitu ya nsomba yokhayokha. Ng'ona idazindikira kale kuti nsomba yokodwa siithawa.

Boma la Mecanhelas lili m'malire ndi Malawi, ndipo nyanja za Chiuta ndi Chirua, imene tsidya linalo amaitcha Chilwa, ndizo nkhokwe ya mabanja ambiri. Madzi a Chiuta amapitirira kumpoto kulowa m'nyanja ya Amaramba, komwe kumayambira mtsinje wa Lugenda. M'mabango ndi m'madambo a madzi amenewa munthu amagawana malo ndi ng'ona komanso mvuu. Mvuu imagubuduza bwato makamaka ikakhala ndi mwana, ndipo usiku imatuluka kukadya mpunga ndi chimanga m'minda ya m'mbali mwa nyanja.

Vutoli si la ku Niassa kokha. Kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2010 adapeza kuti kuyambira Julaye 2006 mpaka Seputembala 2008, anthu 265 adaphedwa ndi nyama zakutchire m'dziko lonse la Moçambique, ndipo pa anthu atatu aliwonse, awiri adaphedwa ndi ng'ona. Mikango, njovu ndi mvuu zidatsatira pambuyo.

Nanga lamulo likuti chiyani? Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la mu 1999, nambala 10/99, lidalola kupha nyama poteteza anthu ndi katundu, koma pokhapokha ngati nyamayo ikuukira kapena ili pafupi kutero, ndipo palibe njira yoithamangitsira kapena kuigwira. Mu 2009 nduna za boma zidavomereza ndondomeko yothana ndi mkangano wa pakati pa anthu ndi nyama. Kenaka lamulo losamalira zachilengedwe la mu 2014, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, lidaika chilango chofika zaka 16 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa popanda chilolezo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ng'ona ikang'amba ukonde n'kuchoka, msodzi alibe mphamvu yoipha yekha. Njira yake ndi kukanena kwa mfumu, kenaka ku ofesi ya boma yoona za chuma ndi ulimi, ya SDAE, ku Insaca. Koma kuchokera pa dooko mpaka ku Insaca ndi mtunda, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu yadzala matope. Uthenga ukamafika, ukonde umakhala utatha kale, ndipo wogula wina ndi mwini wake yemweyo.

Asodzi a m'nyanja zamchere ali ndi dandaulo lofanana, koma mdani wawo ndi shaki, imene imalanda nsomba pa mbedza. Ku United States, mu Januwale 2025, aphungu a House of Representatives adavomereza bilu yotchedwa SHARKED Act, yofuna kukhazikitsa gulu la akatswiri ndi oyang'anira za usodzi kuti lipeze njira zochepetsera vutoli. Kuno kwathu, malamulo a usodzi wa m'nyanja yamchere a mu 2020 adaika mitundu ina ya shaki pa mndandanda wa zotetezedwa. Konseko funso ndi limodzi: nyama itetezedwe, koma nanga wotaya ndiwo ndi ukonde amuteteza ndani?

Pomwe yankho likudikirika, pali zina zimene zimapulumutsa miyoyo. Ng'ona imaopsa kwambiri nyengo yotentha ndi ya mvula, pamene yaikazi ikulondera mazira ndi ana ake. Kutumbulira nsomba pa dooko kumaizoloweza kubwera pafupi ndi anthu. Mpanda wa mitengo pamalo osambira ndi otungira madzi umatchinjiriza amayi ndi ana, ndipo mjigo m'mudzi umachepetsa maulendo a kunyanja. Chinanso chofunika ndi kulembetsa ngozi iliyonse, ngakhale ya ukonde wokha, kwa mfumu ndi ku komiti ya asodzi, pakuti opanga malamulo ku Maputo amawerenga zimene zalembedwa basi.