Kamuvi ka kamera yakale kakayamba kunama

Kamera ya Olympus OM-1 ikatulutsidwa m'sutikesi momwe yagona zaka zambiri, kawirikawiri imaoneka yabwinobwino. Batani likadinidwa imalira, filimu n'kuyenda. Koma kamuvi ka m'kati, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa kuwala, kamangoti zii, mwinanso kamaloza zabodza. Apa mpamene pagona nkhawa ya wojambula, pakuti zithunzi za ukwati zikatuluka zakuda, mwambowo subwerezedwa.

Nthawi zambiri vuto limakhala batire. Kamerayi, yomwe inatuluka ku Japan mu 1972, inapangidwira batire ya PX625 ya mercury, yopereka mavolti 1.35 mosasintha kufikira itatha. Popeza mercury ndi poizoni, maiko ambiri analetsa mabatirewa, monga inachitira America mu 1996. Batire ya alkaline yofanana nayo kukula imapereka mavolti 1.5, zomwe zimanamiza kamuvi kuti kuwala n'kochuluka. Kenaka mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, bodza lija n'kumasinthasintha.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi zazing'ono. Amatsegula malo a batire n'kupukuta zoyera zimene batire yakale inadontheza, pogwiritsa ntchito thonje ndi kadontho ka viniga. Akatero amayang'ana kawaya kochokera pamalowo, chifukwa dzimbiri limakadya, ndipo kakaduka amalumikiza kena.

Pa za mphamvu pali njira ziwiri. Yotsika mtengo ndi batire ya nambala 675 ya zipangizo zothandiza kumva, yopereka mavolti 1.4, ngakhale kuti ikatsegulidwa imatha pa miyezi yochepa. Yokhalitsa ndi batire ya SR44 pamodzi ndi kachipangizo kotchedwa diode, kotsitsa mphamvuyo.

Makamera ena, monga Olympus Trip 35, safuna batire. Amayeza kuwala ndi selenium, yomwe ikafooka ndi ukalamba mankhwala ake n'kuika ina basi.

Ntchito ikatha, woweruza ndi dzuwa. Masana opanda mitambo, pa filimu ya ISO 100, kamuvi kayenera kukhala pakati kamera ikaikidwa pa f/16 ndi 1/125. Ojambula akale ankasunga lamuloli pamtima, ndipo limathandizabe lero, chifukwa OM-1 imajambula ngakhale popanda batire. Choncho kamuvi kakakana kudzuka, kamerayo siyenera kupita kudzala.