Chigayo cha M'thupi Mwathu

Anzathu a m'koperativa, tonse timachidziwa chigayo. Chikamayenda bwino, matumba a chimanga amatha msanga. Chikaima, matumba amaunjikana mpaka pakhomo.

M'thupi mwathu mulinso chigayo. M'chiwindi ndi m'matumbo muli tinthu totchedwa ma enzaimu. Ntchito yawo ndi kuphwanya mankhwala amene tamwa kuti atuluke m'thupi. Adokotala akamati "piritsi limodzi m'mawa", amakhala atawerengera kuti chigayocho chikuyenda.

Koma zomera zina zimachiimitsa. Mu 1989, ku Canada, akatswiri anapeza kuti madzi a manyumwa amachulukitsa m'magazi mankhwala a kuthamanga kwa magazi otchedwa felodipine. Piritsi ndi limodzi lomwelo, koma mphamvu yake ngati ya mapiritsi angapo. Munthu amachita chizungulire, mwina kugwa kumene ali ndi khasu m'manja. Enzaimu ikafooka ndi manyumwa, imatenga tsiku lathunthu kapena kuposerapo kuti ibwerere. Kudya manyumwa m'mawa n'kumwa piritsi madzulo sikutipulumutsa ayi.

Mu 2005 akatswiri ena anayesa mu labotale chomera chotchedwa batata africana. Nachonso chinafooketsa enzaimu yomweyo, imene imaphwanyanso ma ARV ena.

Sitikunyoza zitsamba za makolo athu. Tikuti, popita kuchipatala tinyamule muzu kapena tsamba limene tikumwa, tikawaonetse anamwino. Tisachite manyazi. Ndipo mapiritsi tisawasiye mwa ife tokha.

Tikambirane: ndani pakati pathu akumwa zitsamba ndi mapiritsi pamodzi? Kodi anamwino akudziwa?