Dzuŵa la ku Kachulu ndi Moto wa Pansi pa Nthaka

Ife a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa tidziŵa kudula kwake kwa nkhuni. Mitengo yambiri ya m'mapiri a Zomba yathera m'mbaula ndi powamba nsomba, ndipo mitsinje ya Likangala ndi Domasi itsika ndi matope okhaokha.

Magetsi ambiri a Malaŵi achokera mu mtsinje wa Shire. Pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu 2022, dziko linataya mamegawati 130. Tsono maso atembenukira kudzuŵa: makina a ku Salima, otsegulidwa mu 2021, apereka mamegawati 60. Pa doko la Kachulu amayi anaphunzira kuyanika matemba m'matenti a pulasitiki, wosasonkha moto.

Palinso kutentha kwa pansi pa nthaka. Ku Olkaria, m'dziko la Kenya, nthunzi yochokera pansi yakhala ikupanga magetsi chiyambire 1981. Nafenso tili ndi akasupe otentha ku Chiweta ndi ku Mawira. Koma kuboola chitsime chakuya kudya ndalama zambiri, ndipo nthaŵi zina nthunziyo sipezeka.

Ntchito yotereyi ifuna amisiri athuathu. Makolo, pamene nsomba zachuluka, tisatumize ana kunyanja m'nthaŵi ya sukulu. Achinyamata, limbikirani masamu ndi sayansi.