Wagwa pa Phiri: Amnyamule Ndani?

Phiri la Mulanje ndi chimodzi mwa zokongola zimene Mulungu anaika m'dziko lathu la Malaŵi. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'dziko lino mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Ife a mpingo wa CCAP sitili alendo kumeneko. M'tsinde mwa phiri muli Likhubula House kumene achinyamata athu amakachitirako misonkhano, pamwamba ku Lichenya kuli kanyumba ka mpingo kogonamo okwera phiri, ndipo Chipatala cha Mishoni cha Mulanje chili chapafupi.

Okwera phirili ndi a mitundumitundu. Alipo ana a sukulu ndi magulu a achinyamata, aliponso alendo ochokera ku maiko akutali. Koma amene amaliponda tsiku ndi tsiku ndi anthu a m'midzi yozungulira: operekeza alendo, onyamula katundu, amai okatola nkhuni. Ameneŵa sakwera kukaona kukongola, akwera kukafuna chakudya cha ana ao, ndipo ambiri a iwo timakhala nao pa benchi limodzi tsiku la Sabata.

Phiri losaseŵera nalo

Amene anakulira ku Mulanje amadziŵa chiperoni, nkhungu yozizira ija imene imabwera ndi mvula yowaza m'miyezi yachisanu. Ikatsika, munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake, njira imasoŵa, ndipo matanthwe amaterera ngati apakidwa sopo. Mvula ikagwa pamwamba, kamtsinje kamene munaoloka m'maŵa madzi ali m'mapazi kamakhala mtsinje waukali pofika masana. Kuzizira nako kumakula pamene munthu akukwera, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse.

Mu 1949 mnyamata wina wogwira ntchito za nkhalango anakokoloka ndi madzi pooloka mtsinje wodzaza, ndipo Laurens van der Post, amene anali pa ulendo womwewo, analemba za imfayi m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands anapita yekha cha ku Sapitwa, ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasokera m'nyengo yoipa atasiya womperekeza, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa aŵiri.

Nkhani zimenezi zinamveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Koma wonyamula katundu amene waterereka pa thanthwe nathyoka ntchafu, kapena mtsikana wa kwaya amene wagwa navulala msana pa ulendo wa achinyamata, nkhani yake sipita patali. Iye ali moyo, tsono anthu amati zayenda bwino. Komatu mavuto ake ayamba kumene, ndipo mpingo wake ndiwo uyenera kuyamba kufunsa kuti amnyamule ndani.

Ola loyamba

Thandizo loyamba limachokera kwa amene ali naye pomwepo, ndipo chifundo chopanda nzeru chingathe kuonjezera vuto. Ngati magazi akutuluka, tisindikize pabalapo ndi nsalu yoyera mwamphamvu, osachotsachotsa. Fupa la ntchafu likathyoka, munthu angathe kutaya magazi oposa lita imodzi m'kati mwa mnofu, ngakhale kunja kusaoneke dontho. Chotero akayamba kuzizira thupi, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire, tidziŵe kuti nthaŵi yatichepera. Chiŵalo chothyoka tichimangirire ku ndodo monga momwe tachipezera, osayesa kuchiwongola. Ngati fupa latulukira kunja, tiphimbe ndi nsalu yoyera. Dothi, phulusa kapena masamba otafuna zimaloŵetsa matenda m'fupa.

Wovulala akamadandaula khosi kapena msana, kapena akanena kuti miyendo yachita dzanzi, tisamkhazike tsonga ndipo tisambereke kumbuyo. Mmodzi agwire mutu kuti ukhale molunjika ndi thupi kufikira atapezeka machila olimba. Timfunditse, tiyalenso kanthu pansi pake, pakuti thanthwe lozizira limayamwa kutentha kwa thupi. Tisampatse moŵa poganiza kuti afundidwe. Tisamsiye yekha, ndipo okaitana thandizo apite aŵiri.

Kutsika nako ndi ntchito yaikulu. Kuchokera ku Likhubula kukafika ku kanyumba ka ku Chambe, munthu wamphamvu amayenda maola atatu kapena anai. Kutsika njira yotere ndi munthu pa machila kumatenga nthaŵi yoposa pamenepo, ndipo kumafuna amuna ambiri olandizana. Pa Marko 2 timaŵerenga za munthu wofa ziŵalo amene anamnyamula anzake anai. Mmodzi akadakana tsiku limenelo, ngodya imodzi ya mphasa ikadakhala pansi. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga.

Masabata a pa bedi

Tsiku la ngozi anthu amabwera ambiri. Sabata loyamba m'chipinda cha odwala mumadzaza abale, alongo ndi mabasiketi. Pofika sabata lachinai, pambali pa bedi pamatsala mkazi wake yekha kapena mai ake okalamba.

Tizindikire kutalika kwa ulendo umenewu. Munthu wamkulu wothyoka ntchafu, ngati sanachitidwe opaleshoni yoika chitsulo, amagona chagada masabata 6 kapena kuposerapo, mwendo wake ukukokedwa ndi zolemera. Akatuluka amayendera ndodo, ndipo pamapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi asanayambe kugwira ntchito yolemetsa. Wovulala kwambiri amatumizidwa ku Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kutali ndi kwao. M'zipatala za boma mankhwala salipiritsa, koma womdikirira, amene timamutcha gadiyani, ayenera kudya, kugula nkhuni ndi sopo, ndi kukwera minibasi. M'zipatala za mishoni pamakhalanso malipiro. Ndipo nthaŵi yonseyi amene amabweretsa ndalama pakhomo ndiye ali gone pa bedipo.

Msamariya wa pa Luka 10 timamtama chifukwa anaima pa njira. Koma tikumbukenso kuti anagona naye usiku wonse wovulalayo, m'maŵa mwake analipira mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kuti adzabweranso kudzalipira zotsala. Thandizo lake linali ndi tsiku lachiŵiri ndi lachitatu. Chotero amai a Mvano kapena a Chigwirizano angagaŵane masiku, kuti gadiyani apumeko ndi kukaona ana. Milaga ingasinthane kutumiza ufa ndi ndiwo sabata ndi sabata, m'malo moti zonse zifike tsiku limodzi ndi kuonongeka. Achinyamata athanzi angapite kukapereka magazi, pakuti botolo limene mbale wathu walandira linaperekedwa ndi munthu wina amene sanamdziŵe n'komwe.

Munda sudikira wodwala

Anthu ambiri amakwera phiri m'chilimwe, kuyambira Meyi kufikira Okutobala. Tsono tiŵerengere pamodzi. Munthu amene wathyoka mwendo mu Ogasiti sangagwire khasu mu Okutobala, pamene anzake akusosa ndi kugalauza. Mvula yobzalira ikagwa mu Novembala kapena Disembala, munda wake uli thengo. Mu Epulo anzake akukolola, nkhokwe yake ili mbee. Ngozi ya mphindi imodzi yasanduka njala ya chaka chathunthu, ndipo mwana wamkulu waleka sukulu kuti azikagwira ganyu.

Mankhwala a vuto limeneli tili nao kale m'midzi mwathu. Makolo athu ankaitana dima, nalima munda wa mnzao tsiku limodzi. Gulu la achinyamata 30 litalaŵirira Loŵeruka limodzi ndi makasu, amai ataphika thobwa, munda wa banja umatha dzuŵa lisanafike paliwombo. Adzabwerenso pobzala, popalira ndi pobandira. Ntchito imeneyi sifuna ndalama, ndipo ngakhale mpingo wosauka ungaithe. Achinyamata amene amafunsa kuti angatumikire bwanji Ambuye pamene alibe kanthu m'thumba, yankho lao ndi limeneli.

Chopereka cholongosoka

Ndalama nazo zidzafunika, ndipo apa ndi pamene ntchito zabwino zambiri zimaonongekera. Wina amayenda ndi pepala, wina amalandira pa foni yake kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pakutha pa mwezi palibe amene akudziŵa kuti zinasonkhedwa zingati. Manong'onong'o amayamba, opereka amagwa mphwayi, ndipo wovulala ndiye amalangika.

Mtumwi Paulo posonkhanitsa thandizo la abale a ku Yerusalemu analangiza Akorinto kuti aziika padera kanthu tsiku loyamba la sabata lililonse, ndipo sanafune kunyamula ndalamazo yekha. Mipingo inasankha anthu oti apite nazo pamodzi, kuti pasakhale pokayikira. Tiŵerenge 1 Akorinto 16 ndi 2 Akorinto 8. Ifenso tichite chimodzimodzi. Seshoni isankhe anthu atatu okhulupirika, mmodzi wa iwo akhale mai. Ndalama aziŵerenga aŵiri, ndipo zonse zoloŵa ndi zotuluka zilembedwe m'buku. Lipoti liperekedwe kwa Akhristu mwezi ndi mwezi. Ana a mpingo amene ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Ulaya amapereka mokondwa akadziŵa kuti pali nambala imodzi yodziŵika ndi buku loonekera.

Tisanayambe kusonkha, tikhale pansi ndi banja, tifunse chimene likusoŵa. Mwina ife tikuganiza za shuga ndi buledi pamene iwo akulira fizi ya mwana wa Fomu 3, kapena ndalama yoyendera kupita ku mafizo. Tipemphenso chilolezo chao tisanatumize zithunzi za mabala ake pa WhatsApp. Munthu wovulala akadali ndi ulemu wake.

Lilime lathu

Pali katundu wina amene timasenzetsa wovulala osadziŵa. Za phiri la Mulanje zimakambidwa zambiri, ndipo munthu akagwa ena amati anaputa mizimu, ena amati amlodza, enanso amati ankafunanji kumeneko. Mau otere amafika m'makutu mwa wodwala, ndipo amachititsa kuti anthu apinde manja, pakuti munthu amene tamuweruza kale sitifulumira kumthandiza.

Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wosaona chibadwire anafuna kudziŵa amene anachimwa. Ambuye anachotsa maso ao pa funso limenelo, nawaloza ku ntchito ya Mulungu imene inayenera kuchitika mwa munthuyo. Thanthwe lonyoŵa limatereretsa wolungama ndi wosalungama yemwe. Ndipo ngakhale zitakhala kuti mnyamatayo anachita zosasamala, nthaŵi yomlangiza idzafika atachira. Ngati ngozi inachitika pa ulendo wa mpingo, tikumbukirenso mtsogoleri wa gululo ndi anzake amene anaona zonse. Iwonso amasoŵa tulo, ndipo abusa ndi akulu a mpingo ayenera kuŵayendera.

Akabwerera kumudzi

Ena amachira kotheratu. Ena amabwerera akutsimphina, ndipo enanso sadzayendanso. Kwa oterewa kuli malo ophunzitsa thupi kugwiranso ntchito, monga Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, koma kuti munthu akafike kumeneko pamafunika woyendetsa nkhani yake ndi womlipirira ulendo. Wonyamula katundu amene sangakwerenso phiri afunika ntchito ina ya manja, kapena mpamba woyambira kageni. Pakhomo la tchalitchi pamene pali masitepe okhaokha pafunika malo otsetsereka oti njinga yake idutsepo. Amisiri tili nao mu mpingo.

Mefiboseti, mwana wa Jonatani, anagwa ali ndi zaka zisanu, napunduka miyendo yonse iŵiri. Patapita zaka zambiri Davide anamfunafuna, nambwezera minda ya agogo ake, naika anthu oti azimlimira, namkhazika pa gome lake masiku onse. Nkhaniyi ili pa 2 Samueli 9. Davide anampatsa chakudya ndi malo pakati pa anthu. Mbale wathu wovulala asachotsedwe pa kwaya kapena m'komiti chifukwa chakuti akuyendera ndodo. Ngati sangathe kufika, mapemphero a mlaga akachitikire kunyumba kwake, ndipo Mgonero umpeze kumeneko.

Kwa makolo ndi achinyamata

Sitikunena kuti ana athu aleke kukwera phiri. Ndi chinthu chabwino kuti aone ntchito za Mlengi ndi maso ao. Koma makolo musanasaine kalata yolola mwana kupita, funsani: womperekeza wodziŵa njira ndani, agona kuti, atenga zofunda ndi bokosi la mankhwala kodi, ndipo ndani watsala kumunsi amene akudziŵa ola lobwerera? Inu achinyamata, musapatuke pa gulu, musasiye womperekeza, ndipo nkhungu ikatsika kapena mtsinje ukadzaza, dikirani kapena bwererani. Onyamula katundu wanu muŵalipire moyenera, ndipo musaŵasenzetse mopitirira muyeso.

Tikupempha seshoni iliyonse kuti pa msonkhano wake wotsatira ikambirane za thumba la ngozi, ngakhale liyambe laling'ono, ndi kusankhiratu anthu oliyang'anira. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Tiyeni tifufuze m'milaga yathu ngati muli wina amene anavulala miyezi yapitayo ndipo tinaleka kumuyendera. Ngati alipo, Sabata likudzali tikamuone, ndipo tikafunse za munda wake mvula isanagwe. Ambuye atipatse mphamvu ndi mtima wosatopa pa ntchito imeneyi.